Mipando ya mndandanda: ku Lesotho amachotsera, ku Zimbabwe amawonjezera

Kuno ku Zambia ndi ku Malawi, 50+1 inakonza mpando umodzi wokha, wa pulezidenti. Mu 2001 a Levy Mwanawasa analowa ku State House ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse. Malamulo a 2016 anathetsa zimenezo: ngati palibe wopitirira theka, awiri otsogola amapikisananso pasanathe masiku 37. A Malawi anazipeza kudzera kukhoti, pa chigamulo cha pa 3 February 2020. Koma phungu wa Matero kapena Kabwata amapambanabe pongoposa mnzake ndi voti imodzi, ngakhale ambiri m'deralo atamukana.

Mavoti a olephera amangotayika. Ku Botswana mu 2024, chipani cha BDP chinali chachiwiri pa mavoti, pafupifupi 30 pa 100, koma chinatola mipando 4 pa 61. Mgwirizano wa zipani wa UDC, ndi mavoti ngati 37 pa 100, unakolola 36.

South Africa ilibe vuto ili, chifukwa mipando yonse 400 imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani. ANC itapeza 40 pa 100 mu 2024 inalandira mipando 159, ndipo inakakamizika kulamulira ndi zipani zina. Namibia ndi Mozambique nawonso amavotera mndandanda: wovota amasankha chipani, ndipo aphungu amatengedwa pa mndandanda wa mayina omwe chipanicho chinalemba. Chilungamo cha masamu chilipo, koma phungu alibe dera lomwe linamusankha. Madzi akasefukira ku Kanyama mu January, anthu amadziwa khomo loti agogode. Phungu wa pa mndandanda amaopa akuluakulu a chipani omwe amasanja mayina, saopa ovota. Kwa ife amene tinazolowera kumuona phungu pa maliro ndi pa msika, njirayi yokha singatikwane.

N'chifukwa chake ambiri amalakalaka njira yosakaniza mipando ya m'madera ndi ya mndandanda, ndipo komishoni ya Mung'omba, younikanso malamulo aakulu a dziko la Zambia, inailimbikitsa kale mu 2005. Koma njira zosakaniza zilipo ziwiri, ndipo zimabala zosiyana kwambiri.

Ku Lesotho anaiphunzira ndi misozi. Mu 1998 chipani cha LCD chinatenga mipando 79 pa 80 ndi mavoti ngati 60 pa 100, Maseru inayaka moto, asilikali a South Africa ndi Botswana mpaka analowererapo. Kuyambira 2002 ali ndi mipando 120: ya m'madera 80, ndi ya mndandanda 40 yobwezera zipani zomwe zaperewedwa m'madera. Amayamba awerengera gawo la chipani pa mipando yonse 120, kenako n'kuchotsera yomwe chapambana kale m'madera. Tiyerekeze chipani chapeza mavoti 40 pa 100: gawo lake ndi mipando 48. Ngati chapambana madera 45, chiwonjezeredwa itatu basi. China cha mavoti 10 pa 100 chomwe chapambana dera limodzi chiyenera mipando 12, choncho chilandira 11.

Ku Zimbabwe sachotsera. Ali ndi madera 210, kenako mipando 60 ya amayi, isanu ndi umodzi m'chigawo chilichonse, ndi 10 ya achinyamata kuyambira 2023. Imeneyi imagawidwa payokha potengera mavoti omwe chipani chapeza m'chigawocho. Ikani masamu a Zimbabwe pa chitsanzo chija: chipani cha 40 pa 100 chitenga 16 pa mipando 40 ija, kuphatikiza 45 ya m'madera, yonse 61 pa 120. Chadutsa theka la nyumba ya malamulo pomwe anthu 60 pa 100 sanachivotere. Amayi achulukadi m'nyumbamo, ndipo ichi n'chabwino, koma kupendekera kwa mipando kwatsala pomwepo.

Ya Lesotho nayo ili ndi mpata wobera. Mu 2007, ovota ali ndi mapepala awiri, la phungu wa dera ndi la chipani, LCD inapikisana m'madera mokha n'kuuza owatsatira kuti pa pepala la chipani avotere chipani chaching'ono cha NIP, ndipo chipani chotsutsa cha ABC chinachita chimodzimodzi ndi LWP. Poti zipani zing'onozing'onozo zinalibe madera oti achotsere, zinakokera mipando yobwezera kwa abwenzi awo aakulu. Anatseka mpatawu pobwerera ku pepala limodzi mu 2012, voti imodzi n'kumawerengedwa kawiri. Vuto lina silinathe: maboma a mgwirizano amagwa msanga, moti anavota mu 2012, 2015 ndi 2017. Komabe ndikaika ziwirizi pa sikelo, ya Lesotho ndiyo imachiza nthenda yomwe tikudandaula, bola malamulo oyendetsera migwirizano akhale olimba.

Bill 7 ya mu 2025, yosintha malamulo aakulu a dziko, inabweretsa kuno ku Zambia nkhani ya mipando ya amayi, achinyamata ndi olumala, ndipo makani ambiri anathera pa kuchuluka kwa mipandoyo. Powerenga lamulo la mtunduwu, yambani mwafufuza ngati mipando ya m'madera ikuchotseredwa pogawa ya mndandanda. Onaninso mavoti omwe akuwerengedwa pogawapo, a aphungu kapena a pulezidenti, komanso ngati chipani chikupereka mndandanda wake ku ECZ masankho asanachitike, kuti wovota aone mayina asanachonge. Mndandanda wolembedwa zotsatira zitatuluka umasanduka mphotho ya okondedwa a atsogoleri.