Olijinolo ya kwa Khombedza

(Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Kwa Khombedza, pansi pa mango, chiphapha cha Land Rover chakhala pa njerwa. Yamikani wangotsika kumene kuchokera ku Lilongwe, faelo ya mapepala ili kukhwapa. Wabwera ndi makaniko wa pa Kamuzu Road. Malume ali pa mpando, Agogo akuotcha nsomba kuseri.)

YAMIKANI: Malume, miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikufufuza za galimoto ya agogo aamunayi. Iyi ndi Series IIA ya 1966, yopangidwa ku Solihull, ku England.

MALUME: Ife kuno timangoti kuchigalimoto. Mwana akasowa timati kamuoneni kuchigalimoto.

YAMIKANI: Ndikufuna ibwerere mmene inatulukira mufakitale. Bauti iliyonse. Olijinolo.

MAKANIKO: Bwana, musavutike. Kugalaja kuli injini ya Toyota yangokhala. Tikaika lero, Loweruka mukukadyera chambo ku Senga Bay.

YAMIKANI: Toyota mu Land Rover?

MAKANIKO: Nanga munthu wothyoka mwendo amafunsa kuti ndodoyi ndi ya mtengo wa kwathu?

YAMIKANI: Ayi, amisiri. Tiyambe ndi bodi. (Akutulutsa maginito m'thumba.) Bodi ya galimoto zimenezi ndi ya aluminiyamu, maginito sagwira. Taonani pa boneti, wagwa. Pa chitseko apa... wagwira! Malume, wagwira bwanji?

MALUME: Limenelo ndi lata la pa khitchini. Linasasuka ndi mphepo, tinaona kuti likukwana.

YAMIKANI: Chitseko chenichenicho chili kuti?

MALUME: Nsima wadya masanayi inakukomera?

YAMIKANI: Inakoma, koma ine ndikufunsa za chitseko.

MALUME: Yaphikidwa m'chitseko cha kumanzere. Anyamata osungunula mapoto anatipangira atatu. Cha kumanja ndi sefuliya ya pamaliro, imazungulira mudzi wonse.

(Yamikani wakhala pansi osayang'ana pomwe akukhala.)

MAKANIKO: Koma bwana, azunguwo anaganiza bwanji kupanga galimoto ndi zopangira mapoto?

YAMIKANI: Yoyamba inatuluka mu 1948, nkhondo itangotha kumene. Chitsulo chinali chosowa ku Britain, aluminiyamu ndiye amapezeka. Ngakhale penti yobiriwira ya zoyambirirazo inali yotsala ya ndege za nkhondo.

MAKANIKO: Imani kaye. Chitsulo chitasowa anatenga chomwe chinalipo?

YAMIKANI: Eya.

MAKANIKO: Penti n'kutola yotsala?

YAMIKANI: Eya, koma...

MAKANIKO: Malume, mwamva? Amenewo anali anzanga! Akachita iwo akuti olijinolo, ndikachita ine pa Kamuzu Road akuti zachinyengo.

MALUME: Kusiyana kwake n'kwakuti iwo analemba m'buku.

YAMIKANI: Bukulo lilipodi. Ku Gaydon kuli British Motor Museum, amasunga mabuku a kufakitale. Ukawatumizira nambala ya chasisi amakupatsa satifiketi yonena tsiku lomwe inapangidwa, mtundu wa penti, ndi komwe inatumizidwa.

MALUME: Galimoto ili ndi satifiketi ya kubadwa? Ine malume ako, tsiku langa lobadwa anachita kundipekera pojambulitsa chiphaso cha unzika.

YAMIKANI: Nambalayo imakhala pa kachitsulo kokhomedwa m'kati umu, kutsogolo kwa dalaivala. Pano pangotsala timabowo tinayi.

MALUME: Kachitsulo kolembalemba? Kali pa bwato la mlamu wako. Linkalowa madzi.

YAMIKANI: Bwatolo lili kuti?

MALUME: Nthawi ino? Pakati pa nyanja. Ukadikire m'mawa pa doko, koma werenga msanga asanaikepo usipa.

YAMIKANI: Palibe kanthu. Nambala ina anaidinda pa chasisi penipeni, kutsogolo kumanja, pomwe pamagwira sipuling'i. Amisiri, tagwadani muone.

MAKANIKO: (Osagwada n'komwe.) Pamenepo ndinadula ndine. Panadyeka ndi dzimbiri, ndinaotchererapo chitsulo cha bedi.

YAMIKANI: Bedi?

MAKANIKO: La chipatala, lolimba. Zaka zonsezi silinadandaulepo.

(Fungo la chambo lafika. Agogo atulukira atanyamula nsomba pa chitsulo cha mawaya. Yamikani wadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.)

YAMIKANI: Agogo! Chimenecho ndi cha kutsogolo kwa galimoto! Chotchinga ladiyeta!

AGOGO: Iwe, usandigwetsere ndiwo. Chimenechi ndaotchera kuyambira amako ali namwali.

YAMIKANI: Chimenechi ndiye umboni, agogo. Nyali za galimotoyi zili pakati, moyandikana, chifukwa anazisamutsira m'mbali cha m'ma 1969. Ndipo Series III itabwera mu 1971, chotchingachi anayamba kupanga cha pulasitiki.

AGOGO: Pulasitiki? Ndiye ankaotchera pa chiyani?

MALUME: Apo ndiye kampani inayamba kulowa pansi.

AGOGO: Ndipo iwe ukufuna kuidzutsiranji? Nthawi ya Kamuzu, Land Rover ikangolira kumsewu uko, amuna onse opanda msonkho ndi khadi la chipani anali m'tchire. Agogo ako atagula iyi pa okushoni, tsiku lofika nayo anapeza mudzi uli zii. Ndi amfumu omwe, anatuluka m'nkhokwe madzulo.

YAMIKANI: Tsobola wakale sawawa, agogo.

AGOGO: Kauze amfumuwo. Mpaka lero akamva dizilo amayang'ana kunkhokwe.

YAMIKANI: (Akutsegula faelo.) Chabwino. Ndiwerenga chimodzichimodzi, inu muzingonena komwe chili. Malimu.

MALUME: Limodzi ndi belu la kusukulu. Lina la kutchalitchi. Awiri ali pa ngolo, pamodzi ndi ekiselo ya kumbuyo.

YAMIKANI: Lachisanu, la pa boneti?

MALUME: Mbaula.

YAMIKANI: Masipuling'i?

MALUME: Nkhwangwa zisanu ndi zikwanje. Wosula anati chitsulo chotere sanachionepo.

YAMIKANI: Matayala?

(Malume akweza phazi, akuonetsa nkhwaila.)

YAMIKANI: Pansi apa pamayenera kukhala timitu tiwiri ta magiya. Kachikasu ukakadina, mawilo onse anayi amakoka. Kofiira ndi ka giya yamphamvu ya m'matope.

AGOGO: (Akubisa ndodo kumbuyo.) Kachikasu sindinakaone.

YAMIKANI: Agogo, kali kumutu kwa ndodo yanuyo.

AGOGO: N'chifukwa chake sinditerereka dzinja.

YAMIKANI: (Motsitsa mawu.) Injini. Dizilo, malita 2.25. Chonde malume, injini yokha.

MALUME: Khala chete kaye. Ukumva chiyani?

(Chapatali: gu-gu-gu-gu-gu.)

YAMIKANI: Chigayo.

MALUME: Ndi imeneyo. Sinajombepo. Midzi inayi imadya chifukwa cha iyo.

YAMIKANI: Ndiye ilipo! Ndikaigula, ndiwagulira ina yatsopano!

MAKANIKO: Bwana, mukachite kupita ndi apolisi. Amayi a kuno amati ufa wa injini imeneyo ndi wosalala. Wina anangonena zoisintha, anamuthamangitsa ndi mithiko mpaka pa Kaphatenga.

YAMIKANI: Koma inu amisiri, muli ndi zida zake? Mabauti a galimotoyi ndi a mainchi, ena a Whitworth. Sipanala ya mamilimita sigwira.

MAKANIKO: Ine ndili ndi sipanala imodzi yolankhula zinenero zonse. (Akutulutsa nyundo ndi tchizulo.)

YAMIKANI: Mayo ine!

MALUME: Tandiuza mphwanga. Tinene kuti walanda belu ana asiya kulowa m'kalasi, walanda ngolo, watseka chigayo, agogo ako akudya nsomba yaiwisi. Galimoto yadzuka, yawala. Izinyamula chiyani? Mpunga wa ku Lifuwu? Matola a ku Nkhotakota?

YAMIKANI: Ayi! Singanyamule katundu, ingakalike. Izikhala m'galaja, yofunditsidwa nsalu. Mwina kamodzi pa chaka n'kupita nayo ku chionetsero.

MALUME: Maliro?

YAMIKANI: Ayi.

MALUME: Wodwala usiku?

YAMIKANI: Malume, penti yake ndi yodula.

MALUME: Ndiye uwononge mamiliyoni kuti galimoto izingokhala osayenda?

YAMIKANI: Eya.

MALUME: (Akuloza chiphapha.) Nanga panopa ikutani?

(Zii. Makaniko akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango.)

YAMIKANI: Ine sindibwerera. Amisiri, tiyambe ndi zomwe zilipo. Tsegulani lata ilo tichotse mpando.

(Makaniko atsegula. Mkati mwamveka "kwee!" Wabwerera akupukusa chala.)

MAKANIKO: Yandijompha! Muli thadzi, bwana, lafungatira pa mpando wa dalaivala.

AGOGO: Musaligwire! Mazira khumi ndi awiri, layamba dzana. Mubwere pakatha masiku 21.

YAMIKANI: Agogo, ndatenga tchuthi cha sabata imodzi yokha.

AGOGO: Likatha ilo pali lamawangamawanga likudikira. Make anaswedwera pompo, agogo ake pompo, kuyambira chaka cha referendamu.

YAMIKANI: Kuyambira 1993?

AGOGO: Osadukiza. Si umafuna olijinolo iwe? Lemba m'faelomo.

MAKANIKO: Bwana, ya kuyendera ndi ya chala ndi twente sauzande. Koma Toyota ija ikadalipo.