"Satana anandinyenga": nanga mbuziyo alipire ndani?

Mwezi watha ndili kumudzi ku Dowa ndinakhala nawo pabwalo la amfumu pamlandu wa mbuzi. Mnyamata amene ankazengedwa mlandu woba mbuziyo sanakane, chikopa anachipeza kuseri kwa nkhokwe ya amayi ake. Atamufunsa chifukwa chake, anawerama, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi, n'kunena kuti, "Zikomo amfumu, sindine, Satana ndiye anandinyenga." Agogo ena amene anakhala pamkeka kumbali ya azimayi sanadikire n'komwe kupatsidwa mpata. "Nanga chiwindi chija anadya ndi Satanayo?" Bwalo lonse linafa nako kuseka.

Inenso ndinaseka, koma usiku tulo tinandivuta, chifukwa mawu a mnyamata uja ndinawanenapo ndekha, kungoti ine ndinalibe bwalo loti lindiseke. Panali chaka china chimene ndinkabetcha mpira pafoni. Loweruka lililonse m'mawa ndinkalumbira kuti lero ayi. Ikamakwana 4 koloko madzulo, ndalama ya ndiwo yapita. Chimene chimandiopsa ndikakumbukira n'chakuti sindikumbukira mphindi imene ndinaganiza kuti tsopano ndibetche. Ndinkangozindikira chala chadina kale. Ndiye anasankha ndani, ine kapena chala?

Funso limeneli si lachibwana. Mu 1983 katswiri wina wa ubongo, Benjamin Libet, ku San Francisco, anaika anthu timawaya kumutu n'kuwauza kuti agwedeze dzanja nthawi iliyonse imene afuna, akuyang'ana wotchi kuti anene nthawi imene anamva kufunako. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pamene munthuyo amamva kuti "ndafuna" patangotsala gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ena anadumphira pomwepo kunena kuti ufulu wosankha kulibe, ubongo umagamula wokha, ife timangolandira uthenga mochedwa. Koma Libet mwiniwake sanapite nazo kutali choncho. Iye ankati m'kanthawi kotsalako munthu akhoza kuletsa dzanja lija. Ndiponso, tinene zoona, kugwedeza dzanja ndi kupita kukhola la mnzako usiku ndi chingwe n'zosiyana. Mnyamata uja anayamba wanola mpeni.

A mpingo nawo nkhaniyi inawazunguza mitu kalekale. Aphunzitsi awiri achikhristu, Augustine ndi Pelagius, anakangana m'zaka zoyambirira za m'ma 400, Pelagius akuti munthu ali nayo mphamvu yosankha chabwino, Augustine akuti popanda chisomo munthu sangathe. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unatsutsa Pelagius. Akatswiri ena a zachikhristu, Erasmus ndi Luther, anayambiranso mkangano womwewo mu 1524 ndi 1525. Kenako pamsonkhano wa ku Dort, ku Netherlands, mu 1618 mpaka 1619, otsatira chiphunzitso cha Calvin anatsimikiza zoti Mulungu anasankhiratu opulumuka. Musati izi n'za azungu okha. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 anabwera ndi chiphunzitso chomwechi, ndipo ife amene tinakulira mu Sinodi ya Nkhoma tinachiyamwira m'kalasi. Koma onani, mpingo womwewo umadula munthu akachimwa. Abusa sanena kuti "musiyeni, zinakonzedweratu." Amakuika pabenchi la kumbuyo.

Chimene chimandinyansa ine si chiphunzitso ayi, koma mmene timachigwiritsira ntchito. Mwana wanga akakhoza mayeso a MSCE, ndi khama lake, ndi mmene tinamulerera. Akalephera, amulodza, kapena sinali nthawi yake. Mwana wa neba akalephera, aaa, ameneyo ndi wamasewera, anadzifunira yekha. Minibasi ikagubuduzika itanyamula anthu 22 pamatayala osalala ngati chipande, pamaliro timatonthozana kuti linali tsiku lake, tsoka silinunkha. Ayi ndithu, tsoka limenelo linanunkha, linanunkha mphira wopsa kuyambira pasiteji, ndipo kondakitala anamva, dalaivala anamva, mwini galimoto anamva, ife okwera tinamva n'kupanikizana bwinobwino anayianayi. Mawu akuti "zinalembedwa" ndi abwino potonthoza namfedwa, sindikukana. Koma akachoka pasiwa n'kulowa m'kamwa mwa mwini minibasi, asanduka chobisalira.

Sindikunenanso kuti aliyense ali ndi ufulu wofanana, ngati amanenera anzathu ena amene zinthu zinawayendera, aja oti akagula galimoto amayamba kulalikira kuti umphawi ndi kusankha. Mtsikana amene wakwatiwa ali ndi zaka 15 chifukwa kunyumba kulibe ufa komanso fizi, inde, pakamwa pake panatuluka "eya". Koma kodi njira zimene zinali patsogolo pake zinali zingati? Palibe amene anasankha mimba yobadwiramo, mudzi, chaka cha njala, kapena bambo wobwera usiku akudzandira. Ngakhale malamulo amazindikira zimenezi, n'chifukwa chake khoti siliweruza kamwana kapena wodwala misala ngati munthu wamkulu wamutu wabwino.

Ine ndimaona kuti ufulu ulipo, koma ndi wochepa kuposa mmene odzitama amanenera, ndipo sukhala pamalo pamene timaufunafuna. Pa 4 koloko paja ndinalibedi mphamvu, chizolowezi chinali chitandimanga kale. Mphamvu yanga inali Lachitatu m'mawa, mutu uli wozizira. Tsiku lina Lachitatu ndinachotsa pulogalamuyo mufoni, ndinauza mayi a kunyumba zonse, n'kuwapatsa nambala yachinsinsi ya akaunti yandalama kuti aisinthe. Manyazi ake musafunse, anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Loweruka lotsatira chala chinayabwa monga kale, koma chinalibe podina.

Wina anganene kuti nalonso Lachitatu lija linali ndi zoyambitsa zake: ngongole, mantha, maleredwe a agogo anga. N'zoona, ndipo sinditsutsa. Koma mantha amenewo ndi maleredwe amenewo si alendo ochokera kunja, ndiwo ineyo. Ngati chinthu chachokera m'zimene ndimakonda, zimene ndimaopa ndi zimene ndalingalira, popanda wondiloza mfuti, ndingachikane bwanji kuti si changa?

Mnyamata uja anamugamula kuti alipire mbuzi ziwiri. Amalume ake ndiwo analipira, ndipo iye akulima m'dimba mwawo mpaka mbuzizo zitakwana. Potuluka pabwalo, agogo aja anamugwira dzanja n'kumunong'oneza, ine ndili pafupi: "Iwe mwana, Satanayo akadzabweranso, udzamuuze kuti khasu lilipo lachiwiri."