Anyamata ongofika kumene ku Joni, bisani mafoniwo

Ine imvi zinandimerera konkuno, ndiye ndikamayankhula mundimvere ana anga. Dzulo pa Park Station ndinaona mnyamata wathu wangotsika basi, chikwama wasiya pansi, foni m'mwamba akujambula vidiyo yoti aponye pa Facebook uku akukuwa kuti tafikaa. Mtima wanga unangoti myuu. Mwana iwe, wakuuza ndani kuti pano ndi pa depoti ya Wenela?

Kwathu munthu akakutsomphola foni mumsika wa Limbe umangokuwa kuti wakubaa, mavenda, akabaza, amayi a tomato, onse liwiro kumuthamangitsa. Kuno pa siteji ya ma taxi ya Noord kapena ku Hillbrow akuba amakusecha dzuwa likuswa mtengo anthu akungodutsa maso kutsogolo, ndipo musawanene kuti ndi oipa mtima, akudziwa kuti anyamatawo ayenda ndi mpeni kapena mfuti ndipo aliyense ali ndi ana omudikira kunyumba. Inu mukuyenda mahedifoni m'makutu, mwaima pakona kuwerenga ma rand poyera, mlendo akakumwetulirani basi mwamuuza kale komwe mukugona. Ulemu wakwathu ndi wabwino, moni perekani ndithu, koma za m'thumba mwanu ndi zanu.

Ngakhale taxi yeniyeniyi imasiyana ndi minibasi yakwathu. Mulibe kondakitala, ndalama mumapatsirana mpaka kutsogolo ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera chenji. Poimitsa ndi zala, choloza m'mwamba ndiye kuti mukupita mtauni. Funsani amene anabwera kale, safunsa anadya phula.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi cha mapepala. Pa Beitbridge amadinda masiku osapitirira 30 basi, inu masiku atha kalekale koma Loweruka muli ku shabini kuledzera, kutukwana eni dziko, kulimbirana akazi. Mapeto ake ndi Lindela ku Krugersdorp, komwe amatsekera anthu oti awabweze kwawo, ndipo wopitiriza masiku amatha kuletsedwa kulowanso mpaka zaka 5. Ena a inu munali makanda mu 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zitayambika ku Alexandra, anthu oposa 60 anafa. Mu 2015 ku Durban abale athu anagona m'matenti, boma lathu mpaka linatumiza mabasi. Ife tinaziona ndi maso.

Ndatopa kusonkha ndalama zotumizira maliro a ana aang'ono ku Mangochi ndi ku Mzimba, ndipo woimbira foni mayi ake amakhala ine, iwo akundifunsa kuti a malume, mwana wanga wadwala chiyani.