Mukaitanitsa mwana ku Joni, musamuzimitsire foni

Abale anzathu okhala kuno ku Joni, chimene chikupweteka mtima n'chakuti mumaitanitsa ana a kumudzi osawafotokozera za njira. Mwatumiza ndalama ya basi pa Mukuru, basi mwathana nazo. Mwana n'kutsika pa siteshoni ya mabasi ya Park Station usiku, chikwama pamutu, maso uku ndi uku ngati nkhuku yachilendo, foni yanu yozima. Atsotsi a m'tauni muno amamuzindikira mlendo akadali patali.

Muuzeni asananyamuke kuti maboda ndi atatu. Atuluka pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, adutsa Tete, alowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo mpaka Beitbridge. Zidindo zikwane zisanu n'chimodzi, chotulukira ndi cholowera pa boda lililonse. Matransipota ena amatolera mapasipoti kuti "tikadindira tokha". Ayi. Aime yekha pamzere, ndipo asanachoke pazenera awerenge tsiku limene lalembedwa. Mmalawi amaloledwa kukhala mu South Africa masiku osapitirira 30, koma pena amamulembera ochepa, iye osadziwa. Akapyola tsiku lija ndi masiku osapitirira 30, amamuletsa kulowanso m'dziko muno kwa chaka chimodzi. Akapyola kuposa pamenepo ndi zaka 5. Akagwidwa mumsewu, ulendo wa ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amatsekera alendo odikira kubwezedwa kwawo.

Za kudumpha boda podutsa mumtsinje wa Limpopo musamayerekeze n'komwe kumuuza mwana wa mnzanu. M'tchire la kumeneko muli achifwamba otchedwa magumaguma, amalanda chilichonse mpaka nsapato, ndipo azimayi amagwiriridwa. Nthawi ya dzinja madzi amadzaza, ng'ona zilimonso.

Pofika pake ndiye pamene ambiri amalirira. Simukhadi ya ku Malawi sangaidalire, ndipo ya kuno imafuna kulembetsa kaye. Choncho nambala yanu ndi dzina la msewu zilembedwe papepala, pepalalo m'thumba la malaya, osati mufoni mokha. Ndalama azigawe pawiri kapena patatu, ina m'sokosi. Basi ikafika usiku akhale m'kati mwa siteshoni mpaka inu mufike kapena kunja kuche. Asatsatire munthu womuuza kuti "bwera ndikuonetse taxi", ngakhale alankhule Chichewa chokoma bwanji. Kamtunda kochoka pa Park Station kupita ku renki ya Noord n'kakafupi, koma kameza mafoni osawerengeka. Foni asatulutse pa maloboti, ndipo akamuzungulira ndi mipeni apereke, asalimbane.

Tsono nkhani ya pogona. Ku Hillbrow, Berea, Jeppestown ndi Marshalltown kuli nyumba zosanja zolandidwa ndi zigawenga, zimene zimatolera lendi popanda mwini wake. N'zotchipa, inde, ndipo wongofika kumene amakopeka. Koma lowani muone. Chipinda chimodzi achigawa ndi matabwa, makatoni ndi makatani. Mawaya a magetsi olumikiza mwakuba akulendewera m'makonde, madzi kulibe, anthu akuphikira palafini n'kumayatsa makandulo. Usiku mageti a pa masitepe amakhoma kuopa akuba ndi apolisi. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso pa Albert Street idapsa, anthu 76 adafa, Amalawi ali momwemo. Ena adachita kudumpha pa mawindo chifukwa potulukira padali potseka. Maliro aja tidasonkhera ndife, koma mpaka lero tikulozerabe abale athu m'nyumba zofanana ndi imeneyo! Musanapereke dipoziti werengani makomo otulukira, funsani amene amasunga kiyi wa geti, ndipo muone ngati mawindo ali ndi zitsulo zosatseguka.

Ku malokeshoni nako mphepo imasintha mosachenjeza. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zidayambira ku Alexandra, anthu 62 adaphedwa m'dziko lonse. Mukamva kuti mawa kuli kuguba, muuzeni mlendo wanu asatuluke, pasipoti ikhale m'pulasitiki pafupi ndi chitseko, chithunzi cha pasipotiyo chitumizidwe kwa mlongo kapena malume kumudzi. Nambala ya apolisi ndi 10111, pafoni ya m'manja 112 imalowanso. Mulembereni papepala lomwe lija, pansi pa nambala yanu.