Akutali akutisiya, tiyang'ane kwa anansi athu

Msuweni wanga ankayendera odwala m'midzi ya ku Chingale pa njinga yamoto, kuwakumbutsa kumwa mankhwala. Boma la Donald Trump litaimitsa thandizo la USAID, bungwe la America lothandiza mayiko ena, mu Januwale 2025, njinga ija anakabweza ndipo mpaka lero ali pakhomo. Chigamulo chinapangidwa ku Washington, koma poto amene anasiya kuwira ndi wa kuno ku Zomba.

N'chifukwa chake ndikuti tisiye kupeputsa anansi athu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola midzi ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chilobwe, asilikali a Tanzania anabwera ndi mahelikopita awo, anabweretsanso ufa. A Zambia nawo anatithandiza. Ifenso nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga abale athu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kunyanja ya Chilwa kuno anthu amakwatirana mbali zonse ziwiri mpaka lero.

Ndiye zinandipweteka kwambiri mu 2025 kuona ife ndi Tanzania tikutsekerana katundu wakumunda. Ife tinayamba mu Malichi, iwo anabwezera mu Epulo. Amene analira ndi amayi a geni pa Songwe, amene anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti akaode katundu. Kuteteza mlimi wathu n'koyenera, sindikutsutsa ayi. Koma nkhaniyi inatha akuluakulu atakhala pansi n'kukambirana. Chinawaletsa n'chiyani kukambirana asanatseke?

Dziko lathu lilibe doko. Mafuta amene timagonera pamzere amadutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Ziwonetsero zotsutsa zotsatira za chisankho zitavuta ku Mozambique kumapeto kwa 2024, ife tinazimva m'thumba ngakhale sitinavote nawo. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Liwonde pompa, ndipo ndikaiona ndimadzifunsa chifukwa chake mafuta ambiri akubwerabe pa matanka.

SADC, mgwirizano wa mayiko a kumwera kwa Africa, inayamba ngati SADCC ku Lusaka mu 1980, pomwe mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, ankafuna kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho. Lero tilipo mayiko 16. Ine ndikufuna mayikowa azigula limodzi mankhwala a ma ARV ndi feteleza, kuti mtengo utsike. Odwala a ku Chingale aja akudikirabe munthu wowayendera.