Chithunzi sichidzijambula chokha, lembani dzina la mwini wake!

Zandinyansa. Tsamba lina la pa intaneti laponya mulu wa zithunzi za achinyamata okonda nyimbo za punk (mtundu wa rock waphokoso) a ku London a m'ma 1977, aja a tsitsi loimika, majekete a chikopa, malaya ong'ambika olumikiza ndi mapini, ena malezala ali lende pakhosi. Zithunzi zokongola zedi. Koma pansi pomwe panali mayina a ojambula adulapo, n'kumatapo dzina la tsamba lawo. Munthu wina atafunsa kuti anajambula ndani, amuyankha kuti za pa intaneti zilibe mwini. Zilibe mwini? Kumeneko ndi kuba, abale.

Chithunzi sichidzijambula chokha. Pali munthu amene anaima pa King's Road, pafupi ndi shopu ya zovala za punk ya Vivienne Westwood ndi Malcolm McLaren pa nambala 430, n'kupempha mwana wa eni ake kuti aime kaye amujambule. Pali munthu amene analowa mu Roxy, kalabu ya nyimbo za punk ku Covent Garden, m'chipinda chothinana, anthu akudumpha, akukankhana, akulavulira oimba malovu, iye ali ndi kamera m'manja. Derek Ridgers anali mmenemo. Janette Beckman ankajambulira nyuzipepala ya nyimbo ya Melody Maker. Dennis Morris, mnyamata wachikuda wa ku Hackney, anajomba kusukulu mu 1973 kuti akajambule Bob Marley, ndipo pofika 1977 n'kuti akuyenda ndi gulu loimba punk la Sex Pistols. Syd Shelton anali ku Victoria Park mu Epulo 1978 pamene chinamtindi cha anthu chinasonkhana pa dansi ya Rock Against Racism, kukana tsankho. Anthu amenewa ali ndi mayina. Inu mukuwafufuta ngati ndani?

Kaya ndi ulesi, kaya ndi dyera lofuna ma like, zimenezo ndilibe nazo ntchito.

Nthawi imeneyo kunalibe foni yoti ujambule kambirimbiri kenako usankhe. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi, yogula ndi ndalama, pa nthawi yomwe mitengo ya zinthu ku Britain inkakwera koopsa ndipo anthu oposa 1 miliyoni analibe ntchito. Ukajambula sunkaona kanthu mpaka ukatsuke filimuyo m'chipinda chamdima, manja akununkha mankhwala. Mwina yonse yapsa, usiku wonse wapita pachabe. Ndiye wina lero angodina chala, n'kukolola pomwe sanalime. Thukuta la mnzako iwe n'kulembapo dzina lako, osachita nazo manyazi!

Roxy yoyambirira ija inangokhala miyezi yowerengeka. Ana aja anakula, malaya aja anatha kalekale. Chomwe chatsala kuti ife tione mmene zinalili ndi ntchito ya ojambulawa. Ukachotsa dzina, munthu wofuna kudziwa kuti ili linali tsiku liti, malo ati, akafunsa kwa yani? Lembani dzina. Ndi mawu awiri okha. Ngati simukulidziwa, fufuzani kaye musanaponye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye palinso khalidwe ili lomapaka mitundu ndi mapulogalamu a kompyuta a AI pa zithunzi zomwe zinali zakuda ndi zoyera, n'kusalaza nkhope za anthu, ziphuphu zonse kuchotsa. Anakutumani ndani? Pennie Smith atajambula Paul Simonon, wa gulu loimba la The Clash, akuswa gitala yake ya besi ku New York mu 1979, iye mwini ankati chithunzicho sichikuoneka bwino. A The Clash anachiika pachikuto cha chimbale chawo chili chomwecho, ndipo dziko lonse limachidziwa chili chomwecho. Inu mukuchikonza chiyani? Zisiyeni!