Ndatopa ndi kusakasaka makiyi

Lero m'mawa ndataya mphindi 20 ndikufunafuna makiyi, mpaka ndachedwa kuntchito. Ndawapeza pansi pa mulu wa malisiti akale patebulo. Zandikwana! Ndinakhoma msomali pafupi ndi chitseko kuti tizikolekapo makiyi, koma ndani amakolekapo? M'kabati mwadzaza machaja a mafoni omwe anafa kalekale, mabatire otha, zivindikiro zopanda mabotolo ake. Ukati utaye, wina akuti, "Zisiyeni, zidzagwira ntchito tsiku lina." Tsiku lake liti? Nanga nsapato zothina za mwana zikudikira ndani?

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndimakonza m'nyumba Loweruka lonse, koma pofika Lolemba zovala zaunjikananso pampando, sizasi yasowanso, ndipo aliyense akufunsa ine kuti ili kuti.